Ulusi wa pa Zitsononkho

Kezia, mphunzitsi wa sayansi pa Malomo, anali ndi pakati pa miyezi isanu pamene anakwera kumudzi kukaona mayi ake. Anawapeza pakhonde akumasula juzi ya malemu bambo ake a Kezia, ulusiwo akukulunga pa zitsononkho kuti alukire mdzukulu chipewa.

"Amayi, m'mutu mwa mwanayu mukuchitikanso zomwezi," anatero Kezia. "Malangizo oumbira ubongo ali pa ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo nawonso ndi wokulungidwa pa timibulu. Pamene pamangika kwambiri, thupi silingawerengepo kanthu. Nthawi ikakwana pamamasuka pokhapo pofunika, kwinako n'kukhalabe komanga."

Mayiwo anasiya kukulunga. "Nanga ulusiwo mwanayo wautenga kuti?"

"Wina ndi wa bambo ake, wina ndi wanga. Wangawo ndinatenga kwa inu ndi kwa ababa."

Mayiwo anasisita mkono wa juzi umene unatsala. Kenako anamupatsa Kezia chitsononkho chimodzi.

"Gwira apa, usakoke. Ndiye kuti bambo ako ali momwemo mwa mwanayu, angokulungidwa. Tidikira, tione pamene adzamasukire."