Mtsetse wa Matabwa

Chiyambire ntchito yoyankha mafoni pa kampani ya koko wopangira chokoleti mumzinda wa Tema, Dzifa ankalowa mu ofesi mochita kunyamulidwa. Alonda awiri ankagwira chikuku chake uku ndi uku n'kumukweza masitepe, ndipo panalibe bwana amene ankasowa nazo tulo.

Koma eni kampani ku Ulaya atalamula kuti lipoti la pachaka lionetse mmene amasamalirira anthu aulumali, mtsetse wodutsapo chikuku unamera pakhomo ngati bowa. Kalipentala wake, Mulungu amukhululukire, anali asanakankhepo chikuku chibadwire. Anangoyala matabwa pamasitepe n'kupaka penti yoterera. Kumunsi kwake kunali msewu wa malole onyamula matumba.

Dzifa atauona, anaimitsa chikuku chake pakhomo.

"Lero ndi tsiku lako, mwana wanga," anatero Madamu Oforiwaa, mkulu woona za antchito, wojambula zithunzi za lipotilo ali pambali. "Utsike wekha, ukumwetulira. Azungu aone kuti pano sudalira munthu."

"Madamu, n'potsetsereka kwambiri. Komanso matayala angawa ndi akutha."

"Aaa, kamtunda kameneka? Paja kontirakiti yako ikutha mwezi uno eti?"

Dzifa anayang'ana kumunsi. Mtsetsewo ankauopa, koma kubwerera kukakhala pakhonde la amayi ake ku Keta ankakuopa koposa.

Baba Issaka, mlonda wachikulire amene ankamunyamula m'mawa uliwonse, anapita kukaima kumunsi.

"Inu madala, tachokanipo!" anakalipa wojambula. "Mukuipitsa chithunzi."

Mlondayo anasuntha pang'ono chabe.

Dzifa anakankha matayala, thukuta lili kamukamu. Chikuku chinapendekera kutsogolo, kenaka chinathawa naye. Anayesa kugwira zolimba, zikhatho zinapsa, koma matayala ankangotereraterera papenti. Kudzanja lamanja kunamveka hutala ya lole. Anakuwa ndi mphamvu zake zonse, akuitana amayi ake.

Baba Issaka anadziponya patsogolo pa chikuku. Chitsulo chopondera chinamumenya pamsongolo, fupa linati thyo, onse awiri n'kugwera m'fumbi. Lole inadutsa pafupi kwambiri moti Dzifa anamva kutentha kwa injini kumaso.

Mtsetsewo anauphwasula m'mawa mwake. Ankati ngoopsa, ngati kuti Dzifa sanawauzepo.

Lipoti litafika, Madamu analibweretsa okha akuvinavina. Pachikuto panali chithunzi cha Dzifa ali pakati pa mtsetse, duku likuuluka, kukamwa kuli pululu.

"Taona mmene ukusekeramu! Ku Ulaya achikonda zedi. Kontirakiti yako asaina."

Dzifa anayang'anitsitsa chithunzicho. Pakona yakumunsi panatsala zala zokha za Baba Issaka, zitatambasuka. Mwini zalazo anali atamupumitsa ntchito, poti kampani inati mlonda wotsimphina sangathamangitse mbava.