Zaka za Bambo

Nzeru yodetsa tsitsi la bambo inabwera ndi achimwene, mwana wamwamuna wa bambowo. Anamva kwa mnzawo wakuntchito kuti madokotala sachita opaleshoni nkhalamba, amangozipatsa mapiritsi n'kuzibweza kunyumba. Ndiye m'mawa wopita kuchipatala, bambo anakhala pampando m'bafa, thaulo m'khosi, imvi zonse zikusanduka makala.

"Akakufunsani, muli ndi zaka sikisite-faifi," anatero achimwenewo.

"Nanga zinazo ndikasungitse kwa yani?" anafunsa bambo.

Mlongo wa achimwenewo, chitsirizira m'banjamo, anaima pakhomo khanda lili kumsana. Bambo anali ndi khansa m'kanjira kotsitsa mkodzo kuchokera ku impso, ndipo impsoyo inayenera kuchotsedwa. Bodzali linkamusowetsa mtendere. Nanga mankhwala ogonetsa aja, sayang'ana msinkhu wa munthu powapereka?

Kuchipatala dokotala, mayi wa magalasi, atafunsa zaka, achimwene anayankha msangamsanga. Chitsirizira uja ankangoyang'ana thukuta lakuda bii likutsetsereka kuseri kwa khutu la bambo mpaka m'kolala.

"Adokotala, ali ndi sevente-eyiti," anatero. Achimwene anamuponda phazi, koma sanasiye. "Amamwanso mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Koma chonde musatibweze. Opaleshoniyo tikuifuna."

Dokotala anaika cholembera pansi. "Agogo, mumasamba nokha? Kumsika mumafika?"

"Ndimafika. Ndikatuma awa amandibweretsera tomato wowola."

"Sindikubisani, zaka zili ndi mbali yake. Munthu wamkulu amachira pang'onopang'ono, ndipo impso yotsalayo iyenera kukhala yolimba. Koma ine ndikufuna ndione mtima ndi miyendo. Tiyeni kumasitepe."

Masitepewo anali kumapeto kwa khonde, pafupi ndi posungira mipando ya matayala. Achimwene anafuna kuwagwira mkono, bambo n'kuwakankha.

"Choka iwe. Ukandigwira aziti ndine wakufa kale."

Anayamba kukwera, dzanja pachitsulo, mapazi akukhwekhwereza pang'ono. Iye anatsatira pambuyo pawo penipeni, manja atatambasula, khanda likumumenya tizibakera kumsana. Pokhotera bambo anaima. Bambo anakoka mpweya, n'kupitiriza.

Pamwamba anatembenuka ali wefuwefu, koma ali chilili.

"Ndibwerezenso?"

"Ayi, agogo, zakwana," anatero dokotala. "Tikayeze magazi ndi mtima. Zikakhala bwino, tikupatsani tsiku."