Jekete la Atate Anga

Mulubwa ndinayamba kumukayikira tsiku lomwe anandiyamikira kwambiri. Mnyamata wojambula mafilimu uja anandikhazika mu garaja ya ku Kabulonga imene ankaitcha ofesi, nkunena kuti buku langa linamuliritsa usiku wonse. Ine ndinamuyang'ana m'maso, ndipo sanaoneke ngati munthu amene analirapo chilowereni chaka.

Bukulo ndi nkhani ya kwathu. Atate atamwalira, nthawi ija makampani ankatsekedwa motsatizana, mng'ono wawo John anafika kunyumba kwathu ku Kabwata ndi lole m'mawa mwake mwa tsiku loika maliro. Ananyamula makina osokera, firiji, bedi ndi mipando, amayi atakhala pansi akulira. Tinadana nawo zedi. Koma achibale ena atabwera kuchokera kumudzi kudzagawana katundu, anapeza nyumba ili pululu, nabwerera akutukwana. Patapita miyezi, atate aang'ono aja anayamba kubweza zinthu chimodzichimodzi, mwakachetechete. Ine ananditenga nkundiphunzitsa mpaka kumaliza sukulu. Koma jekete lofiirira la atate sanabweze ayi. Analikonda, nalisunga, ndipo ankalivala Lamulungu lililonse monga mkulu wa mpingo. M'bukumo ndinawatcha Kabamba, ndipo ndinalemba zonse ziwiri, chifundo chawo ndi dyera lawo. Iwo anawerenga, naseka, nati ndanena zoona.

Amene ankathandiza Mulubwa kupanga filimu ya buku langalo linali bungwe lina la ku Woodlands lolimbana ndi kulanda katundu wa amasiye. Ntchito yabwino, sindikukana. Koma ndinkadziwa kuti mwini ng'oma ndiye amasankha nyimbo. Ndikafunsa tsiku lojambula, ankati lasintha. Ndikapempha kuona zimene ajambula, kompyuta inkadwala tsiku lomwelo.

Kenako ndinakumana ndi Helen ku City Market akugula tomato. Iyeyu ndiye ankasewera ngati amayi anga. Ndinamufunsa mwamacheza mmene zinayendera pamene makina osokera akubwezedwa. Anandiyang'ana modabwa, nati iye sanajambulepo zimenezo, ndiponso kuti ntchito yake inatha kale.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Kabulonga. Mulubwa sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

"Ba Thandizo, osayopa," anatero. "Vonse vili mo. Muzaona cabe pa tsiku."

Ndili pomwepo, ndinaona jekete lofiirira litakolekedwa kuseri kwa chitseko. Ndinalizindikira ndi batani lakuda limene amayi anasokerapo kalekale. Mulubwa anafotokoza monyadira kuti anapita yekha ku Kabwata kukalibwereka kwa mwini wake, kuti filimu imveke yeniyeni. Apa mantha anandigwira, chifukwa ku Kabwata kulibe munthu wosalidziwa jekete limenelo.

Ndinathamangira kwa atate aang'ono kuti ndiwachenjeze. Ndinawapeza akupukuta nsapato pakhonde, atauza kale akulu a mpingo onse ndi amayi a chigwirizano kuti adzaonere. Ndinayesa kuwauza kuti filimu nthawi zina siyenda ngati buku, mwina asapite. Anandidula mawu akuseka.

"Iwe ndiwe mwana wanga," anatero. "Zinthu zako sizingandinamizire."

Tsiku loonetsa linali Loweruka masana, mu holo ya ku Kabwata komweko, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete. Atate aang'ono anakhala kutsogolo atavala shati yoyera yokha. Ine ndinakhala pambali pawo ndikudzilimbitsa mtima kuti mwina ndikumuganizira zoipa mwana wa eni.

Kabamba wa mufilimu analowa atavala kale jekete lija, akutokosa m'mano pamaliro. Anakankha mbale ya wamasiye ndi phazi. Anamwera makina osokera kumowa. Ine ndinkangodikira lole ija kuti ibwerere, koma sinabwerere. M'malo mwake anabwera apolisi, namutulutsa Kabamba atamumanga maunyolo, batani lakuda lija likuonekera bwinobwino pachinsalu chonse. Anthu anaomba m'manja mwamphamvu. Manja atatha, panamveka manong'onong'o.

"Si jekete ya ba elder ija?" anafunsa mayi wina kumbuyo kwathu.

Mitu yonse inatembenukira kutsogolo. Atate aang'ono anadzuka pang'onopang'ono, napereka moni kwa abusa monga mwa masiku onse, natuluka osandiyang'ana.

Mulubwa ndinamupeza panja akulandira mayamiko kwa anthu a bungwe lija. Ndinamulalatira mawu amene sindingawalembe pano. Iye anangoti buku ndi la munthu mmodzi wokhala phee, koma holo yodzaza imafuna kudziwa munthu woti idane naye. Anawonjezera kuti uthenga wafika, amasiye ambiri apulumuka. Mwina ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Sabata yonseyo ndinapita ku Kabwata kangapo, koma nthawi zonse ankati atate aang'ono achokapo. Ndinamva kuti apempha kupuma pa ukulu wa mpingo. Ndinakonza mawu ambiri owafotokozera kuti wolakwa si ine, kuti buku lilipo, aliyense angathe kuliwerenga. Koma ku Kabwata owerenga bukulo anali ochepa, pamene filimu inali itayamba kale kugulitsidwa pa ma DVD ku msika wa Soweto.

Lamulungu lotsatira, nthawi imene anayenera kukhala m'tchalitchi, anagogoda pakhomo panga ku Chelstone. Ananyamula pulasitiki m'manja. Ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinawapatsa madzi, anakananso. Anatulutsa jekete lija, litachapidwa ndi kusitidwa bwino, naliika patebulo mosamala.

"Ichi chokha ndiye chinatsala," anatero. "Tsopano kwanga kulibe chanu chilichonse."

Ndinati, "Atate," koma anali atatembenuka kale. Ndinaimirira pakhomo ndikuwayang'ana akupita kokwerera basi, atavala shati yokha m'mphepo ya mwezi wa Juni.