Mpando wa a Kibwana

Msonkhano wa m'mawa unali utafika pa nkhani ya hotela imene a Kibwana anagona ku Nairobi, ndipo Zuhura anali atayamba kuimira mwendo umodzi ngati nkhuku. Pa kampani yawo ya ku Mwenge, monga m'makampani ambiri olemba mapulogalamu a kompyuta, msonkhano umenewu umachitika anthu ali chiimire, kuti miyendo ikatopa pakamwa patsekeke, aliyense akagwire ntchito. Koma a Kibwana, pokhala eni kampani, ankaima ndi mtima wokha. Thupi lawo linkakhala pa mpando wachikopa wozungulira.

"Kumaphunziro a ku Nairobi kuja anatiuza kuti wotaya nthawi ndi mdani wa kampani," anatero akutakasa tiyi. "Ndikufotokozereni bwinobwino, kuyambira tsiku loyamba."

Zuhura anasuzumira kompyuta yake. Pulogalamu yogulira matikiti a basi pa foni inali ikugulitsabe malo amodzi kwa anthu awiri. Eni mabasi a ku Morogoro ananena mosabisa kuti ikapanda kukonzeka pofika Lachisanu, anthu asanayambe maulendo a chikondwerero cha Idi, apita kwa ena. A Kibwana anamulemba ntchito Zuhura chifukwa cha mabasi amenewo basi. Mabasi akachoka, nayenso achoka.

Msonkhano unatha dzuwa lili pamutu, zonse zimene Zuhura anaganiza pobwera, ali m'bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, zitabalalika.

"Achemwali, valani zam'makutu zija kuti anthu akuopeni," anatero Shomari, mnzake wa tebulo loyandikana.

"Ndinavala dzulo. Bwana anabwera n'kundivula chimodzi, akuti afunse ngati ndikusamala nthawi."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati inde. Anakoka mpando wawo n'kundifotokozera kuti ayi."

Lachitatu Zuhura analawirira. Anagudubuza mpando wa a Kibwana uja, n'kuutsitsa pa masitepe ukugunda paliponse, mpaka kwa mmisiri wa mipando wa kuseri kwa nyumbayo.

"Wawonongeka pati, mayi?"

"Ukumalira ukamazungulira. Musafulumire nawo, bambo. Ntchito yothamanga sitiifuna."

A Kibwana atalowa anayang'ana pamalo popanda kanthu paja kwa kanthawi.

"Mpando wanga uli kuti?"

Shomari anapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga.

"Ndaupititsa kokonza, bwana," anatero Zuhura. "Umalira. Alendo akanaumva akanati chiyani, mpando wa eni kampani?"

A Kibwana anaganizira mawuwo, ndipo sanapezemo cholakwika. Mipando ina inalipo, yapulasitiki, koma munthu amene wagona m'hotela ya ku Nairobi sakhala pa pulasitiki antchito ake akuona. Anaima.

Anayamba nkhani ya tsiku lachiwiri la maphunziro. Posakhalitsa anatsamira tebulo. Kenako anayang'ana nsapato zawo zosongoka ngati zawanenera zoipa. Nkhani isanafike n'komwe pa chakudya cha masana cha tsikulo, anaidula okha.

"Zuhura, mabasi ali pati?"

"Akugulitsabe malo amodzi kawiri. Ndikapeza bata ndikonza."

"Nanga mukuimiranji pano? Aliyense ku ntchito."

Tiyi wa Zuhura anali akadali wotentha. Anavala zam'makutu, ndipo palibe anamuvula, poti kumuvula kunkafuna kuima pambali pake. Lachinayi msonkhano unatha chitumbuwa cha Shomari chisanathe. Madzulo a tsikulo Zuhura anapeza vuto: anthu awiri akadina pa nthawi imodzi, pulogalamuyo inkavomera onse, ngati kondakitala wamanyazi. Anaiphunzitsa kukana.

Lachisanu eni mabasi anabwera ndi mafoni awiri, n'kudina limodzi malo apawindo. Foni imodzi inalandira tikiti, inayo inauzidwa kuti isankhe pena. Anabwereza mpaka anakhutira.

"Ndi njira za ku Nairobi zimenezi," anatero a Kibwana powaperekeza, akutsimphina pang'ono. "Ine pano ngakhale mpando ndilibe."

Lolemba anapatsa Zuhura ntchito ina, ya sitolo ya mankhwala, yofunika mwezi usanathe. Akuiwerenga, foni yake inalira. Anali mmisiri uja.

"Mpando watha, mayi. Ndauzunguza mbali zonse, uli zii. Ndiubweretse?"

Zuhura anayang'ana ntchito yatsopanoyo, n'kuyang'ananso a Kibwana, amene anali atayamba kukonza pakhosi.

"Nanga chikopa chija mwachiona? Chatha mphamvu. Chisendeni chonse, musake chofanana nacho ndendende."

"Chimenecho n'chosowa, mayi. Mwina mpaka ku Arusha."

"Sakani, bambo. Musafulumire."