Nyimbo ya a Nyauhango

Tisunge ankapesa imvi za bambo Brown m'nyumba yosamalira okalamba ku Govan, kutali kutsidya kwa nyanja, mvula ikuwaza pazenera, pamene nkhalambayo inamugwira dzanja.

"Ukuimba chiyani chapansipansicho?"

"Nyimbo ya kwathu, bambo."

"Ayi, mwanawe. Imeneyo ndi ya Chijeremani."

Tisunge sanadabwe. Kwawo ku Karonga mbiriyo inali yodziwika. Agogo a amayi ake, a Nyauhango, anakondana ndi msilikali wa Chijeremani kutsidya kwa Songwe nkhondo yoyamba ya padziko lonse isanabuke. Mzunguyo anawasiyira pakati ndi nyimbo. Iwo anakana amuna onse, n'kukalamba akuimba mawu osawamva, ati linali lonjezo lakuti adzabweranso. Ana anailandira ngati cholowa. Ngakhale pa ukwati wa Tisunge inaimbidwa, anthu akululutira.

Bambo Brown, amene kale ankagulitsa mbale za galamafoni ku Dennistoun mumzinda womwewo, analoza bokosi pansi pa bedi. Mbale imene anasankha inali yolemera, yobenthuka m'mphepete. Anati nyimbo zotere zinabadwira m'misasa ya asilikali, n'kumayenda pakamwa opanda mwini, mpaka anazijambula woimba atayandikiza kukamwa ku lipenga lalikulu.

Singano ya galamafoni itatera pa mbaleyo, panamveka kuthetheka ngati moto wa mapesi, kenako mawu a mwamuna, aang'ono, akutali. Inali nyimbo yomweyo. Tisunge anasendera pafupi.

"Akuti chiyani? Tandimasulirani."

Nkhalambayo, imene inkamva Chijeremani, inatsinzina. "Akuimbira mtsikana wake wa tsitsi ngati tirigu, amene anamusiya pamlatho kwawo. Akuti undidikire. Akazi a kudziko lachilendoli ndi madzi a panjira, ndimamwa n'kupitiriza ulendo." Inaseka. "Yokoma, eti? Gulu lonse linkaimba imeneyi poguba."

Tisunge anaika chipeso pansi. Zaka makumi asanu a Nyauhango akuyang'ana kunjira, akudzitukwana okha m'chinenero cha eni, akumwetulira. Chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Anamaliza ntchito yake, ndipo bambo Brown atapempha kuti aibwereze, iye anati akumuyitana kwina.

Madzulo, ali m'basi, foni inalira. Anali amayi ake, nkhope yawo yoyererapo ija, imene ankainyadira moyo wawo wonse, itadzaza galasi la foniyo.

"Tisu, adzukulu anga aja wawaphunzitsa nyimbo ya agogo? Asamangodziwa Chingerezi chokhachokha."

Tisunge anatsala pang'ono kuwauza tanthauzo lake. Anayang'ana makwinya aja, ndi mpango watsopano umene anavalira foniyo.

"Ndinaiiwala, amayi."

"Iwe! Zoona? Tamvera tsono."

Amayiwo anakonza kukhosi, n'kuyamba kuimba, dzanja lili pachifuwa. Tisunge anatsitsa mawu a foni pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Basi inkawoloka mtsinje wa Clyde, iye akungoyang'ana milomo ya amayi ake ikugwedera.