Tsiku Loyesa Tiyamike

Lenia anatha chaka chathunthu akupondaponda pasukulu ina ya ku Kapata, mpaka mapatapata anadyeka zidendene. Chimene ankafuna sichinali chachikulu ayi: akatswiri amuyese mwana wake Tiyamike, aone chimene chimamulepheretsa kuwerenga. Mwana wa giredi 5, wochenjera koopsa, nyimbo ya kwaya akangoimva kamodzi basi waigwira. Koma mumuikire buku patsogolo, zilembo zimangovina m'maso mwake. Aphunzitsi ankangoti, "Ndi ulesi, adzasintha akakula." Adzasintha liti, mayeso a giredi 7 ali pakhomo?

"Mawa" wa muofesi mukumudziwa inu. Ahedi kulibe, apita kumsonkhano. Bwerani ndi bambo wa mwana. Bambo wake uti? Boyd amayendetsa thiraki, akadutsa malire a pa Mwami amabwera mwezi utatha. Tsiku lina Lenia zinamukwana, nauza ahedi pamaso kuti kholo ndi iyeyo, ndipo kupempha kuti mwana ayesedwe ndi ufulu wake, si kupemphetsa. Apo m'pamene anamupatsa tsiku.

Koma vuto lina linali kunyumba. Apongozi ake, a Gideon a ku Chiparamba, mphunzitsi wopuma pantchito, mwananso wa mphunzitsi wa mishoni, anaimva nkhaniyi ngati mwano.

"Banja lino laphunzitsa dera lonse lino. Lero mdzukulu wanga akalembedwe kuti mutu wake sugwira?"

Lenia anagwada, maso pansi, monga mtengwa. Apongozi sabwezeredwa mawu. Ndipo atanena kuti Tiyamike akakhale nawo kumudzi pa holide, iye anangomulongedzera zovala.

Tsiku loyesa litafika, Madamu Sheila a ku ofesi ya maphunziro anakhala m'kalasi yopanda ana. A Gideon nawo anatulukira, jekete ndi tayi, osaitanidwa. Madamu anatsegula buku la giredi 5, nauza mwanayo kuti awerenge.

Ha! Tiyamike anawerenga ngati madzi, osapunthwa. Tsamba lina, chimodzimodzi. A Gideon akungogwedeza mutu monyadira.

Koma Lenia anayang'anitsitsa. Anaona chala cha mwana chikadali pamzere wapamwamba, pamene pakamwa pafika kale kumapeto kwa tsamba. Kani holide yonse ija inali ya zimenezi! Mphunzitsi wakaleyu ankadziwa buku lomwe lidzatsegulidwe, ndipo anamulowezetsa mwana lonselo ngati mavesi a Sande sukulu.

"Amai, ine vuto sindikuliona," anatero Madamu, akutseka cholembera.

Mtima wa Lenia unawira. Akakhala chete, nkhani yatsekedwa, mwana sapeza thandizo, ndipo kuofesi kuja adzamuseka akadzabweranso. Akalankhula, wavula apongozi pamaso pa mlendo. Anaimirira.

"Pepani Madamu. Mupatseni china chimene sanachimvepo."

"Amake Tiyamike, khalani pansi!" anakalipa a Gideon.

"Atate, mundikhululukire, koma mwanayu ndi wanga." Anatembenukira kwa Madamu. "Ndikupempha monga kholo."

Madamu anavomera ndi mutu. "Ufulu umenewo muli nawo."

Anatenga choko nalemba pabolodi: "Anyamata akusewera mpira pabwalo."

Tiyamike anayang'ana bolodi, nayang'ana agogo ake. Kenaka, ndi mawu apansipansi, anayamba kulakatula tsamba loyamba la buku lija, maso ali pabolodi ngati akuwerengadi. Pakatikati mawu anamuthera, misozi n'kuyamba kugwera padesiki.

A Gideon anatola chipewa chawo natuluka osatsanzika. Madamu anatsegulanso cholembera chija, nanena kuti mwanayu amuyesa mokwanira, maso ndi makutu omwe, ndipo zikatheka amupezera mphunzitsi wodziwa kuthandiza ana otere. Chimene Lenia anachivutikira chaka chonse chinali chitatheka, koma mtima wake unali kuwawa.

Pobwerera, podutsa pamsika wa Kapata, anafuna kugwira mwana dzanja. Tiyamike analikutumula.

"Amama, ine ndinali nditakhoza. Agogo anati ndikakhoza simudzavutikanso kupita kusukulu kukalira. Nanga mwandiululiranji?"

Lenia anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mwanayo anali atatsogola kale, akupukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu.