Mmero wa a Mzomera

Mwera unali utakula kuyambira kuchiyambi kwa sabata, moti mabwato onse anali atakokeredwa kumtunda. Lusungu anasesa pabwalo, mphepo n'kubwezanso zinyalala, iye n'kusesanso. Ankangotuluka kukasuzumira kumsewu wochokera ku Dwangwa, n'kubwerera, n'kutulukanso.

Pakhonde panali bambo ake, a Mzomera, msodzi amene makolo ake anachokera kumpoto kalekale. Anali atayala ukonde pamiyendo ngati akusoka, koma manja anali chete. Pambali pawo panali kachitini kolavuliramo. Chakudya chinayamba kuwatsamwa nyengo ya mvula, ndipo tsopano ngakhale phala linkatsika movutikira. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anawalowetsa kamera kukhosi n'kudula kachidutswa kokayeza. Zotsatira zitafika kuchipatala cha ku Boma, iwo analibe mphamvu zokwerera minibasi, choncho anakazimva Lusungu yekha: khansa ya kummero, ndipo inali itafalikira kale.

Pobwera anawauza kuti ndi zilonda chabe. Mchimwene wake James, amene amagwira ntchito ku Mzuzu, ndiye analamula choncho pafoni. "Ukangowatchulira khansa, wawapha ndiwe. Ndibwera tiwatengere ku Lilongwe akalandire mankhwala. Dzina la matenda alibe nalo ntchito."

Njinga yamoto itamveka, Lusungu anataya tsache n'kuthamanga kukaichingamira. Anali a Nester, nesi woyendera odwala matenda aakulu m'makomo.

"Asisita, chonde musawatchulire. Iwo akudziwa kuti ndi zilonda."

A Nester anazimitsa njinga. "Sindiwakakamiza kumva zimene sakufuna. Koma akandifunsa sindinama."

"Achimwene akana."

"Ndamva. Koma amene akabayidwe ndi iwowa. Tiyeni tiwafunse."

Atalonjerana, a Nester anakhala pakampando, n'kuwagwira pamkono ndi kuwayang'ana m'maso. Kenako anati, "Bambo, anthu amasiyana. Ena amafuna kumva zonse zimene madokotala apeza. Ena amati uzani ana anga, ine ndingolandira mankhwala. Inu muli mbali iti?"

A Mzomera analavula m'kachitini muja n'kucheukira mwana wawo. "Uyu chibwerereni ku Boma sakundiyang'ana kumaso. Foni ikalira amathawira nayo kuseri kwa bafa. Zilonda zingamusowetse munthu mtendere chonchi? Nenani, mayi."

"Ndi khansa, bambo. Mkati mwa mmero mwamera chotupa." A Nester anapinda zala kupanga kabowo, n'kumakachepetsa pang'onopang'ono. "Njira ya chakudya yatsala chonchi."

"Sangachidule?"

"Chikanakhala malo amodzi akanayesa. Koma matendawa afika kale kuchiwindi. Opaleshoni singawamalize."

"Ndiye kuti sindichira."

"Kuchira kwenikweni ayi. Koma zochita zilipo, ndipo wosankha ndinu."

A Mzomera anaimirira mwadzidzidzi, ukonde n'kugwera pansi. Anatsika pakhonde n'kulunjika kunyanja, malaya akuwuluka pathupi lowondalo. A Nester anati awasiye kaye, koma Lusungu analephera. Anakhala pansi, anadzuka, anatola ukonde uja n'kuusiyanso, kenako anawalondola.

Anawapeza akuzungulira bwato lawo, akuligwiragwira m'mbali. Mchenga unkabaya m'miyendo. Chapatali asodzi ena anali atabisala kuseri kwa thandala la usipa akusewera bawo.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndimaopa, adada."

"Ine ndimati ndalodzedwa. Ndimati ndi Hassani." Hassani anali mnzawo amene anapalasa naye bwato limodzi kuyambira unyamata wawo. "Tinakangana za injini, sabata yomweyo chakudya n'kuyamba kundikana. Anabwera ndi chambo kudzandiona, ndinachiponyera agalu iye akuona."

Lusungu anangophimba kumaso ndi chitenje. A Mzomera anayenda kupita kumene kunali bawo kuja, n'kuima patali pang'ono. "Hassani! Madzulo ano ubwere kunyumba. Pali mawu." Hassani anakweza mutu, nkhomo za bawo zili m'manja, n'kuvomera ndi mutu mosamvetsa.

Atabwerera pakhonde, a Mzomera sanafune kukhala pansi. Anatsamira mzati. "Zochitazo ndi ziti?"

A Nester anafotokoza za kapaipi ka tiwaya tofewa kamene madokotala amalowetsa kudzera kukamwa, osang'amba pena paliponse. Sikachotsa khansa, koma kamakankhira chotupa m'mbali kuti chakudya chofewa chizidutsa. Masiku oyamba pachifuwa pamapweteka, chilungulira chimavutitsa, ndipo nthawi zina kamasuntha n'kufunika kukakonzanso.

"Ndiye pali mankhwala a m'diripi, amene amati kemo. Kwa ena amachepetsa chotupa kwa kanthawi, masiku n'kuwonjezekako. Koma amafooketsa, amachititsa nseru, ndipo ku Lilongwe muzipita mobwerezabwereza. Mmene mwawonderamu, mwina dokotala angafune muyambe mwapezako mphamvu. Za ululu musade nkhawa. Mankhwala ake alipo, ndizibwera nawo ine, kaya musankhe chiyani."

A Mzomera anauza nesiyo kuti abwereze za diripizo, ndipo anabwereza osafulumira. Kenako a Nester anati, "Tandiuzeni mmene mwamvera, ndione ngati ndalongosola bwino."

"Paipi ndi yoti ndidye. Diripi ndi yoti mwina masiku achuluke, koma ena mwa masikuwo ndiwathera pamsewu ndi pabedi."

"Mwamva bwino. Zotsalazo mukamufunse dokotala wa khansa, amadziwa kuposa ine."

"Mukanakhala inu mukanatani?"

"Zimenezo sindingakuyankhireni. Inuyo chimene mukuchifuna kwambiri miyezi ikubwerayi n'chiyani?"

A Mzomera anakanda mzati ndi chikhadabo. "Kukhala pamphasa ndi anthu. Ndatopa kudyera kuseri ngati wakuba."

Foni ya Lusungu inalira. Asanathawe nayo, bambo ake anatambasula dzanja. Lusungu anawapatsa.

"James, ndine. Dzina lake ndalimva." Mawu a James ankamveka mpaka pabwalo. "Ayi, usamukalipire mlongo wako, ndafunsa ndekha. Tamvera. Ndikupita kukaikitsa paipi. Za diripi ndikamva ndi makutu anga, ndipo ndikayankha ndi pakamwa panga. Iwe ubwere udzandiperekeze, osati kudzandinyamula ngati thumba la usipa."

Kapaipiko anawaika mwezi womwewo. Tsiku lotuluka m'chipatala, dokotala wa khansa anakhala nawo pansi pamodzi ndi ana awo awiri. A Mzomera anafunsa mafunso mpaka dokotalayo anakoka mpando kuyandikira. Anafunsa ngati diripi ingawachiritse, anafunsa maulendo ake, anafunsanso ngati munthu akakana lero angadzavomere mawa. Dokotala anati khomo silitsekedwa, ngakhale kuti thupi likafooka kwambiri mankhwalawo sangaperekedwe. A Mzomera anathokoza n'kunena kuti pakadali pano akupita kwawo. James anatuluka m'chipindamo osatsanzika.

Pobwerera kwawo anakwera minibasi. James ankangoyang'ana pawindo. Lusungu ankadzifunsa ngati mchimwene wakeyo sankanena zoona, ngati bambo ake sakanavomera diripi akanapanda kudziwa, n'kukhala nawo nthawi yotalikirapo.

Atafika pa Salima, ogulitsa malonda anaunjikana m'mawindo. A Mzomera analoza lichero la nthochi zakupsa. James anagula, anasenda imodzi, n'kuinyema tizidutswa ting'onoting'ono monga anawalangizira kuchipatala. Ana onse awiri anayang'anitsitsa pakhosi pa bambo awo. Kachidutswa koyamba kanatsika. Kachiwiri anakatafuna nthawi yaitali, nakonso kanatsika.

James anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Komabe ine sindinavomereze, adada."

"Ndakumva," anatero a Mzomera. "Patse inayo."